Kudula PlayStation kuti ikwane m'manja: funso lochokera kwa Mphuka

Mwana wa mchemwali wanga ali ndi PlayStation 2 imene bambo ake anamubweretsera kuchokera ku Joni. Ndi ija yopyapyala, yakuda, yokandikakandika pamwamba, ndipo padi imodzi anaikulunga selotepi pamene waya unayamba kusupuka. Kwawo ndi kwa Mphuka ku Thyolo, kumene minda ya tiyi imakwera zitunda mpaka kukabisala m'nkhungu, ndipo nyumba yawo ilibe magetsi a ESCOM. Gemuyo imagona m'chikwama pansi pa bedi sabata yonse. Imatuluka Loweruka, akainyamula kupita nayo kwa mnzake amene kwawo kuli TV, batire la sola ndi inveta. Akamenya mpira wa PES ola limodzi kapena awiri, inveta imayamba kulira, mayi a pakhomopo n'kunena kuti moto wotsalawo ndi wounikira usiku ndi kutchajira mafoni. Masewera amathera pomwepo, ngakhale zigoli zili ziwiri kwa ziwiri.

Tsiku lina anandionetsa kanema pafoni. Munthu wa kunja wagwira m'manja kachipangizo kokhala ndi sikirini pakati, mabatani uku ndi uku, akusewera gemu yomweyo imene iwo amasewera pa TV.

"Amalume, taonani. Imeneyi ndi PS2 yeniyeni, angoidula n'kuiika mabatire. Yangayi singatheke?"

Sindinamuyankhe tsiku lomwelo, chifukwa funsoli ndi lalikulu kuposa mmene likumvekera. Muli mafunso atatu mkati mwake: kodi n'zotheka, kodi n'zotheka kuno, ndipo kodi n'zimene mnyamata wa kwa Mphuka akusowadi? Yankho la loyamba ndi inde. Awiri enawo ndiwo ofunika kuwakhalira pansi.

Maganizo oti gemu ya pa TV ilowe m'manja si atsopano. Makampani eni ake anayesa kalekale. Mu 1990 kampani ya NEC inatulutsa TurboExpress, imene inkasewera makhadi omwewo a makina ake a pa TV. Mu 1995 kampani ya Sega inatulutsa Nomad ku America, imene inali Mega Drive yathunthu yokhala ndi sikirini yakeyake. Zonse ziwiri zinkadya mabatire 6 a AA, ndipo pakangopita maola ochepa, mabatirewo atheratu. Pamene Game Boy ya Nintendo, yotuluka mu 1989, yosaonetsa n'komwe mitundu, inkayenda ndi mabatire 4 kwa maola oposa khumi, ndipo ndi imene anthu anaigula mwaunyinji. Mfundo imeneyi muisunge, tikumana nayonso: pa chipangizo cha m'manja, batire ndiye mfumu.

Anthu wamba anayamba kudzipangira okha chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Dzina limene limatchulidwa kwambiri ndi la Benjamin Heckendorn wa ku Wisconsin, amene mu 2000 anatenga Atari 2600, makina a mu 1977, n'kudula bodi yake, kuilumikiza ku kasikirini ka TV ya m'thumba, kenako n'kuipangira bokosi. Mu 2005 analemba buku lofotokoza kachitidwe kake, ndipo kuchokera pamenepo luso limeneli lafalikira m'maiko ambiri. Lero makina amene amadulidwa kwambiri ndi Wii ya Nintendo, yotuluka mu 2006, imene inagulitsidwa yoposa 100 miliyoni, motero yakale imapezeka mosavuta kunjako. Mu 2018 wina anakwanitsa kulowetsa Wii m'kachitini ka maswiti a Altoids, kochepa kuposa chikhatho cha munthu wamkulu.

Chinsinsi chake n'chakuti mukatsegula makina amenewa mumapeza kuti malo ambiri si a "ubongo" wa gemu. Gawo lalikulu ndi la chimbale: mota yochizunguza, diso lochiwerenga, ndi chotengera chake. Gawo lina ndi zibowo zolowetsa mapadi, memole khadi ndi mawaya a TV. Kwina ndi zitsulo zotchinga ndi mpweya basi. Ubongo weniweni ndi tizipangizo tochepa takuda, tokhala pakatikati pa bodi: kamene kamawerengera, kamene kamajambula zithunzi, ndi tosungira zimene zikuchitika pa nthawiyo. Ntchito yonse ndiye ndi yochotsa nyumba n'kusiya mwini nyumba ali moyo.

Kunena n'kosavuta. Taonani mmene zimakhalira ndi Wii. Musanagwire sowo, mumayamba mwasintha pulogalamu ya mkati kuti makinawo aziwerenga magemu kuchokera pa fulashi, pakuti chimbale chikachoka sipadzakhalanso njira ina yowalowetsera. Mukaiwala zimenezi, mwataya zonse. Kenako mumalemba mzere pa bodi potsata mapu amene ena anayesa kale, n'kudula. Bodiyo si chinthu chimodzi ngati thabwa. Ndi timapepala ta mkuwa 4 kapena 6 tosanjikizana, ndipo podula, timapepalato timakhudzana m'mphepete. Muyenera kupala m'mphepetemo ndi sandipepa, kuyambira wokhakhala mpaka wosalala, n'kumayeza ndi mita kuti muone ngati njira za magetsi zasiyana. Tizipangizo tina tofunika timagwera mbali yotayidwa, ndiye mumatizula n'kutilumikizanso ndi mawaya opyapyala ngati tsitsi. Ndiponso gawo logawa magetsi limapita ndi chidutswa chotayidwacho, choncho mumaika lina latsopano lopereka mphamvu zosiyanasiyana nthawi imodzi: volt 1, mavolt 1.15, 1.8, 3.3 ndi 5. Kuphonya pamodzi, ubongo uja wapsa, ndipo sudzukanso.

PlayStation 2 nayo imadulidwa, koma si mtundu uliwonse umene umalola mosavuta. Ija yonenepa ya mu 2000 ndi yaikulu kwambiri ndipo imadya moto wambiri. Zopyapyala zinayamba mu 2004, ndipo odziwa ntchitoyi amasakasaka mtundu wa SCPH-79000 wa mu 2007, chifukwa bodi yake ndi yaing'ono kale. Nambala imeneyi imalembedwa pa kapepala ka kunsi kwa makina. Tinatembenuza ya mnyamata wathu, tinapeza kuti si imeneyo.

Pamwamba pa izi pamafunika sikirini, tizokuzira mawu, fani ndi chitsulo chochotsa kutentha, padi yodulidwa n'kukonzedwanso kuti mabatani akhale m'mbali, ndi bokosi loti zonsezi zikwanemo. Kunjako bokosi amaliumba ndi makina a 3D. Pano ndiime kaye ndinene chimene ndimachikhulupirira: manja a ntchito imeneyi kuno alipo. Ndinakhalapo pafupi ndi wokonza mawailesi pamsika wina m'boma lomweli la Thyolo, bambo wachikulire wopanda magetsi m'kashopu kake. Chitsulo chowotcherera anachiika pa mbaula, chikatentha n'kuchipukuta pa kansanza, n'kugwira nacho mwendo wa kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga, mtovu n'kusungunuka bwinobwino osakhudza mwendo woyandikana nawo. Ku Limbe anyamata amasintha magalasi a mafoni ndi zibowo zotchajira tsiku lonse. Luso silikusowa. Chosowa ndi zipangizo, ndi makina achiwiri oti munthu ayesenso oyamba akafa.

Apa ndi pamene nkhani ya kunja ndi ya kwathu zimasiyanira. Wa ku America akalakwitsa, amagula Wii ina yakale pa mtengo wotsika. Kwa Mphuka, PS2 ija ndi imodzi yokha, inadutsa pa Mwanza m'chikwama cha munthu amene anakhetsa thukuta ku Joni, ndipo ikafa yafa. Tizipangizo togawa magetsi, sikirini yoyenera ndi mawaya opyapyala aja n'zoitanitsa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chodutsa malire chinakwera. Kwa banja limene ndalama yake imachokera m'dengu la tiyi, imene imachuluka m'miyezi ya mvula n'kuchepa m'chilimwe, kusonkhanitsa zonsezi kungadye ndalama yoposa ya foni yabwino.

Ndipo foniyo ndi mpikisano weniweni. Pulogalamu ya PPSSPP, imene inayamba mu 2012, imachititsa foni ya Android kusewera magemu a PSP, makina a m'manja amene Sony inatulutsa mu 2004. Achinyamata ambiri a m'matauni mwathu akumenya kale mpira pafoni mwa njira imeneyi, mafayilo akumapatsirana okhaokha. Kulinso timakina totchipa ta ku China, topangidwa kale kuti tikhale ta m'manja, todzaza ndi magemu akale. Amene ali ndi ndalama zambiri amagula Nintendo Switch, ya mu 2017, kapena Steam Deck, ya mu 2022. Ngati cholinga ndi kungosewera uli chogona, kudula PS2 ndi njira yaitali ndiponso yodula kuposa zonsezi. Ndisabisenso: magemu ambiri oikidwa pa fulashi ndi m'mafoni ndi okopedwa popanda chilolezo cha eni ake, ndipo dziko lathu lili ndi lamulo la kukopera la mu 2016. Kusintha makina ako n'kwina, kugulitsa ntchito ya ena n'kwinanso.

Tibwerere kwa mfumu ija, batire. Zipangizo zodzipangirazi zimayendera mabatire a lithium, makamaka aja otchedwa 18650, ooneka ngati batire la tochi koma otalikirapo: mamilimita 18 m'mimba, 65 m'litali. Limodzi limapereka mavolt 3.7, ndipo likadzaza limafika 4.2. Labwino la 3000 mAh limasunga mphamvu yokwana pafupifupi mawatt 11 kwa ola limodzi. Mukaphatikiza 4, muli ndi 44. Tiyerekeze kuti makina ndi sikirini akudya mawatt 15: mukusewera maola osakwana atatu. Awo ndi mabatire atsopano, enieni. Otolera m'malaputopu akufa, amene ndiwo angapezeke msanga kuno, amakhala atatopa kale. Ndipo mukaona 18650 lolembedwa 9900 mAh pamsika, dziwani kuti ndi bodza lamkunkhuniza. Enieni sapitirira kwambiri 3500.

Koma chimene chimandisowetsa tulo si maola. Batire la lithium likatchajidwa mopyola muyezo, likabowoka, kapena mawaya ake awiri akakhudzana, limatentha, limafufuma, ndipo limatha kuyaka moto wovuta kuzimitsa. N'chifukwa chake limafunika kabodi koliteteza, kamene kamadula magetsi likadzaza kapena likatsika kwambiri. Kuwotcherera waya pa batire lenilenilo kwa nthawi yaitali nakonso n'koopsa. Ganizirani mnyamata akuyesa zimenezi usiku, m'nyumba yofolera udzu, azing'ono ake ali gone pamphasa pomwepo. Kwa ine, aliyense wofuna kuphunzitsa ana luso limeneli ayambe ndi phunziro la batire, sowo ibwere pambuyo. Onjezerani chinyezi cha ku Thyolo: m'miyezi ya chiperoni, nkhungu imalowa mpaka m'nyumba, ndipo bodi yodulidwa, yosatetezedwa m'mphepete, siichedwa kuchita dzimbiri.

Nditalingalira zonsezi ndinaona kuti funso la mnyamata uja linali ndi funso lina pansi pake. Iye sikuti TV yamukwana. Chimene chamukwana ndi kudikira Loweruka, ndi kulira kwa inveta. Anthu a kunja amadula makina awo kuti awamasule ku TV ya pabalaza. Ife tikufunika kuwamasula ku soketi ya pakhoma. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'Malawi, pafupifupi 11 zokha ndi zimene zinkaunikira magetsi, ndipo zoposa theka zinkadalira matochi a mabatire. Ngakhale a m'tauni akudziwa: namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawatt 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo kuthimathima kunafika paliponse.

Vuto likakhala limenelo, yankho lake silifuna sowo. PS2 zopyapyala zambiri, kupatula mtundu womaliza wa SCPH-90000, zimabwera ndi adaputa yapanja imene imatsitsa magetsi a pakhoma kufika pa mavolt 8.5. Tsono taonani zimene zimachitika kwa mnzake uja: batire la sola lili ndi mavolt 12, inveta imawakweza kufika pa 230, adaputa n'kuwatsitsanso kufika pa 8.5. Kuli ngati kuchoka kwa Mphuka kupita ku Thyolo boma podzera ku Blantyre. Pokweza moto wina umatayika, potsitsa winanso umatayika. Gwirani inveta ndi adaputa mumve kufunda kwake, umenewo ndiwo moto wanu ukuthawa. Kulipo kachipangizo kakang'ono kotsitsa mavolt 12 kufika pa 8.5 mwachindunji. Ndipo m'malo mwa TV yaikulu, kuli timasikirini ta mainchesi 5 kapena 7 timene amaika m'galimoto poonera kumbuyo. Timayendera mavolt 12 ndipo timalandira waya wachikasu uja wa zithunzi wochokera ku PlayStation. Sony yomwe inachitapo zofanana ndi izi: PS one yaing'ono ya mu 2000 inali ndi sikirini yake ya mainchesi 5 yomangirira pamwamba.

Ndiye chimene ndingalimbikitse ndi ichi: kabokosi ka matabwa kokhala ndi chogwirira, kopangidwa ndi kalipentala wa pamudzi, PS2 ili yathunthu mkati, sikirini pa chivundikiro, kasipika, batire laling'ono la mavolt 12 longa la njinga yamoto, fyuzi, ndi mabowo olowetsa mpweya. Si cha m'thumba ayi, koma n'chonyamulika, chimatchajidwa ndi sola masana, ndipo palibe chimene chadulidwa. Chofunika kusamala ndi kuyeza ndi mita musanalumikize, kuti mavolt akhaledi 8.5 ndiponso kuti waya wa pulasi usasinthane ndi wa mainasi. Chenjezo lina kwa olandira makina kuchokera kwa abale akunja: za ku South Africa ndi ku Britain zimagwirizana ndi magetsi athu a mavolt 230, koma zina za ku America ndi ku Japan zinapangidwira mavolt 100 mpaka 120, ndipo mukangozilowetsa pakhoma zimapsa. Werengani kapepala kaye.

Pali chifukwa china chimene ndimakondera bokosili, ndipo kwa ine n'chachikulu kuposa ndalama. Kwathu kuno gemu si ya munthu mmodzi. Loweruka lija anyamata amakhala asanu ndi mmodzi kapena kuposa, awiri akusewera, ena akudikira, wogonja apereke padi. Pali phokoso, kunyogodolana, kulangizana, monga momwe akuluakulu amazungulirira bawo pansi pa mtengo. Chipangizo cha m'manja chimatenga zonsezo n'kuziika pamaso pa munthu mmodzi. Ngakhale opanga Nomad anaona zimenezi, n'kuikamo chibowo cha padi yachiwiri. Ndipo Switch inapangidwa kuti mbali zake ziwiri zizichoka, anthu awiri asewere. Bokosi la matabwa limasunga mapadi onse awiri. Mzere wodikira umakhalapobe, wangosamukira pakhonde kapena paliponse pamene anyamatawo afuna.

Kodi ndiye kuti kudula bodi n'kopanda phindu kwa ife? Ayi ndithu. Phindu lake lili m'mutu ndi m'manja mwa wodulayo. Munthu amene waphunzira kutsata njira za magetsi pa bodi, kugawa mavolt, kuteteza batire la lithium ndi kuchotsa kutentha, waphunzira zomwezo zimene zimafunika pokonza sola yakufa, inveta, sikelo yoyezera tiyi, kapena makina a kuchipatala. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anayamba ndi kumasula mawailesi asanapange makina ake amphepo ndi dainamo ya njinga ali ndi zaka 14. Koma iye ankatola zinthu zotayidwa kale. Umu ndi mmene ziyenera kukhalira: kuphunzirira pa zakufa. M'mashopu a okonza zinthu ku Limbe ndi ku Blantyre muli makina a gemu amene diso lowerenga chimbale linafa koma ubongo uli bwinobwino. Amenewo ndiwo oyenera sowo, pakuti gawo limene linafalo ndi lomwelo limene limachotsedwa, ndipo m'malo mothera kudzala, angadzukenso.

Ndipo sukulu yoti ithandize ili pakhomo pomwepa. Malawi University of Science and Technology, imene inalandira ophunzira ake oyamba mu 2014, ili ku Ndata m'boma lomweli la Thyolo. Ndikanakonda kuona ophunzira a uinjiniya kumeneko akutenga makina akufa khumi, kuitana ana a sekondale ochokera kwa Mphuka, ku Makwasa ndi ku Luchenza pa tchuthi, n'kuwaphunzitsa kugwira mita ndi chitsulo chowotcherera. Mwana amene maso amalemera ukamufotokozera za mavolt pa bolodi, amakhala tcheru ukamuuza kuti mapeto ake asewera mpira pa chinthu chimene wapanga yekha.

Mnyamata wathu ndinamuyankha Loweruka lotsatira, tili pakhonde. Ndinati PS2 ya bambo ake isakhudzidwe ndi sowo. Tiyamba ndi bokosi. Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa ngati mapadi onse awiri akwanemo, ndinati akwana. Mita yoyezera magetsi ndamugulira kale, ndipo wayamba kuyeza mabatire onse a m'nyumba, mpaka a m'wailesi ya agogo ake.

Kwa inu makolo ndi amalume anzanga: mwana akabwera ndi funso ngati limeneli, musamukalipire kuti akufuna kuwononga katundu. Mupezereni chakufa choti amasule, mumugulire mita, ndipo mabatire a lithium asawagwire yekha popanda wamkulu wodziwa pafupi.